Kumva Chijapanizi cholankhulidwa ndi cha m'nyimbo: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amachokera kwa anthu amene akodwa ndi nyimbo ya ku Japan, makatuni a anime, kapena mawu a mayi uja amalankhula m'galimoto mukangoliza injini. Ambiri mwa iwo alibe cholinga cholemba mayeso, akungofuna kumva zimene zikunenedwa. Zida zimene tatchula zimafotokoza m'Chingerezi kapena m'Chijapanizi momwemo, koma muona kuti khutu la munthu wolankhula Chichewa lili ndi mwayi wake m'malo angapo.

Ndiyambe ndi dikishonale iti?

Yambani ndi Jisho.org. Ndi yaulere, sifuna kulembetsa, ndipo liwu mutha kulilemba m'zilembo za Chijapanizi, m'zilembo zathu zomwezi, kapena m'Chingerezi. Dzina lakelo, *jisho*, limangotanthauza dikishonale.

Chimene ambiri amachizindikira mochedwa n'chakuti Jisho, Takoboto, Imiwa, Shirabe Jisho ndi mapulogalamu ena ambiri a pafoni amatunga pachitsime chimodzi chotchedwa JMdict. Ntchitoyi anaiyamba ndi Jim Breen wa ku yunivesite ya Monash ku Australia m'chaka cha 1991, ili ndi dzina lakuti EDICT, ndipo mu 1999 inakula n'kukhala JMdict. Anthu odzipereka akuwonjezerabe mawu mpaka lero. Choncho liwu likasowa mu Jisho, kudzaza foni ndi mapulogalamu ena asanu ndi kungotha malo. Mwina mukufunika chitsime china, mwina liwulo mwabwera nalo lopindika. Zonse ziwiri zili ndi mafunso ake m'munsimu.

Ziganizo zachitsanzo za mu Jisho zambiri zinachokera ku Tatoeba, ndipo gawo lalikulu la zimenezo linalembedwa ndi ophunzira a pa yunivesite ngati ntchito ya m'kalasi. Zina ndi zabwino, zina ndi zouma moti palibe munthu angalankhule choncho pamsika. Zioneni kuti mudziwe pamene liwu limakhala m'chiganizo, koma musaziloweze pamtima.

Bandulo imandithera msanga. Pali yogwira popanda intaneti?

Ilipo. Pa Android tengani Takoboto kapena Akebi, pa iPhone Imiwa kapena Shirabe Jisho. Mukaitsitsa kamodzi pamalo pamene pali Wi-Fi, mawu onse amakhala m'foni. Maphunziro a Irodori, amene anakonzedwa ndi bungwe la Japan Foundation, nawonso mutha kuwatsitsa ulere, mabuku ake pamodzi ndi mawu ojambulidwa, n'kumamvera ngakhale kumudzi kumene netiweki imachita kukwerera pachulu.

Kodi n'kofunika kuphunzira zilembo zawo? Ine ndikungofuna kumva.

N'kofunika, ndipo yankho limeneli silisangalatsa anthu. Phunzirani hiragana ndi katakana. Gulu lililonse lili ndi zilembo zoyambira 46, ndipo chilembo chimodzi chimaimira phatikizo lathunthu monga *ka*, *mi*, *to*. Kwa munthu amene anaphunzira kuwerenga ndi "ba be bi bo bu", zimenezi si zachilendo. Masabata awiri kapena atatu akukwana ngati mukuyesa tsiku ndi tsiku.

Kanji, zilembo zochokera ku China zimene zimaimira matanthauzo a mawu, ndi nkhani ina. Mndandanda wa boma wa zilembo zogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, umene unakonzedwanso mu 2010, uli ndi zilembo 2,136, ndipo mwana wa ku Japan amaphunzira 1,026 m'zaka zisanu ndi chimodzi za pulayimale. Simufunika kuzidziwa zonse musanayambe nyimbo. Mufunika kudziwa kuzifufuza basi: kuloza kamera ya foni ndi Google Lens, kujambula chilembocho ndi chala pa kiyibodi ya Gboard mutaiyikamo Chijapanizi, kapena kusankha tizidutswa ta chilembocho mu Jisho.

Chifukwa chake zilembo zathu, zimene iwo amati *romaji*, sizikwanira ndi ichi. Lembani *koi* mu dikishonale. Mupeza chikondi, nsomba ina ya m'madamu, chinthu cha mtundu wakuya kapena cholimba ngati tiyi wochuluka masamba, komanso lamulo lakuti "bwera!" Lembani *kami*, mupeza pepala, tsitsi ndi mulungu. Polemba, kanji ndiye amalekanitsa zonsezi. Onjezani apo kuti olemba romaji sagwirizana: wina alemba *shi, chi, tsu, fu*, wina *si, ti, tu, hu*. Wina alemba *ou*, wina *oo*, wina *ō*, ndipo wina amangosiya *o* mmodzi, monga mmene tonse timalembera Tokyo pamene ma *o* onse awiri ndi aatali. Kaliwu kolembedwa *ha* pakati pa chiganizo kamatchulidwa *wa*. Mukadalira romaji, mumadalira khutu ndi chisamaliro cha munthu amene simumudziwa.

Ndamva liwu bwinobwino, koma dikishonale ikuti kulibe. Ndalakwitsa pati?

Ili ndiye funso lalikulu pa onse. Dikishonale imayankha munthu amene wabweretsa liwu mmene linalembedwera m'menemo, pamene pakamwa pa anthu mawu satuluka choncho. Ganizirani mlendo amene wamva "sindinakuoneni" n'kupita kukafufuza pa S mu dikishonale ya Chichewa. Sapeza kanthu, chifukwa chofunika kufufuza ndi "ona". Inunso zikukuchitikirani zomwezo. Yesani zinthu zinayi izi.

Choyamba, chotsani mchira wa mneni. Ife timaphatika zambiri kumayambiriro kwa mneni, iwo amaphatika kumapeto. *Tabenakatta*, "sindinadye", mukaipeza pa *taberu*. Jisho imatha kuganizira yokha tsinde mukalemba mneni wosinthika, koma samalani ndi amene amafanana: *katta* angakhale "anagula" kuchokera ku *kau* kapena "anapambana" kuchokera ku *katsu*, ndipo *itte* angachokere ku *iku*, kupita, kapena ku *iu*, kunena. Apa chimene chingakuthandizeni ndi nkhani imene ikukambidwayo.

Chachiwiri, tambasulani mawu ofupikitsidwa. Ife timati "n'chiyani" m'malo mwa "ndi chiyani", ndipo achinyamata amati "mukuti bwa?" Iwonso amameza kwambiri. *Shite iru* amakhala *shiteru*. *Wasurete shimatta* amakhala *wasurechatta*. *Ikanakereba* amakhala *ikanakya*. *Shite oku* amakhala *shitoku*, *wakaranai* amakhala *wakannai*, ndipo anyamata amatembenuza *sugoi* kukhala *sugee*, *ja nai* kukhala *ja nee*. Zimenezi ndi zochepa ndipo zimabwerezedwabwerezedwa. Munthu amene wazilemba papepala limodzi n'kuliika pafupi amatsegula gawo lalikulu la zimene zimamudutsa m'mafilimu.

Chachitatu, kayikirani kutalika kwa zimene mwamva. *Kite* ndi "bwera", *kitte* ndi sitampu kapena "dula", *kiite* ndi "mvetsera". Ngati kalembedwe kamodzi sikakupatsani tanthauzo logwirizana ndi nkhani, yesani kena. Kumbukiraninso kuti *i* ndi *u* amazimiririka akakhala pakati pa malembo ena: *suki* amamveka ngati "ski", *shita* ngati "shta", *desu* ngati "des".

Chachinayi, mwina mwadula molakwika. Chijapanizi chimalembedwa popanda mipata pakati pa mawu, ndipo polankhula tizigawo ting'onoting'ono monga *ni, de, ga, to* timamatirira kumapeto kwa liwu limene langotchulidwa kumene. Zimene mukuyesa liwu limodzi zingakhale mchira wa liwu lina ndi mutu wa linzake. Ngati muli ndi chiganizo chonse cholembedwa, chiikeni pa tsamba la ichi.moe, limene limadula chiganizo m'mawu n'kusonyeza tsinde la liwu lililonse. Mu Jisho muthanso kuika nyenyezi, *, pamalo pa gawo limene simunamve.

Ena amati wolankhula Chichewa savutika ndi katchulidwe ka Chijapanizi. N'zoona?

Theka lake ndi loona. Malembo a liwu ndi asanu omwewa, *a i u e o*. Maphatikizo ambiri amathera ndi lembo la liwu monga athu. *R* wawo ali pakati pa *l* ndi *r*, malo amene lilime lathu linazolowera kale. Ndipo tili ndi khutu la kukwera ndi kutsika kwa mawu: timasiyanitsa mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika, khungu la pathupi ndi khungu la maso, popanda kuganiza n'komwe. Ku Tokyo, *ame* woyamba pamwamba n'kutsika ndi mvula, woyamba pansi n'kukwera ndi switi. *Hashi* woyamba pamwamba ndi timitengo todyera, woyamba pansi ndi mlatho. Anzathu olankhula Chingerezi amatha miyezi asanazimve zimenezi.

Theka linalo ndi msampha. Ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto tikamamaliza mawu, ndipo kukokako sikusintha tanthauzo. Kwa iwo kumasintha. *Biru* ndi nyumba yosanja, *biiru* ndi mowa. *Yuki* ndi chipale chofewa chija chimagwa m'nyengo yozizira, *yuuki* ndi kulimba mtima. *Shujin* ndi mwamuna wapabanja, *shuujin* ndi mkaidi. Popeza khutu lathu linazolowera kusalabadira kutalikaku, limakutaya pomvera, ndiye timakafufuza liwu lolakwika.

Kuti mumve liwu limodzilimodzi likutchulidwa ndi eni ake, pitani pa Forvo. Kuti mulimve m'kati mwa ziganizo zenizeni, YouGlish ili ndi gawo la Chijapanizi limene limakufikitsani pamalo enieni a vidiyo pamene liwulo lanenedwa. Za kukwera ndi kutsika, pali OJAD ya ku yunivesite ya Tokyo, imene imajambula mzere wa kamvekedwe pamwamba pa chiganizo chimene mwalemba. Ofuna buku, la NHK, wailesi yaikulu ya ku Japan, limene linatuluka mu 2016 ndi limene owulutsa mawu amatsatira.

Mawu obwereza ngati dokidoki ndi kirakira ndi chiyani?

Ndi mivekero, ndipo apa ndiye tili kwathu. *Dokidoki* ndi mtima uli thithithi. *Kirakira* ndi kunyezimira kwa nyenyezi kapena madzi, *zaazaa* ndi mvula yamphamvu, *fuwafuwa* ndi chinthu chofewa chopepuka, ndipo malo akakhala zii iwo amati *shiin*. Amaigawa pawiri: *giongo*, yotsanzira phokoso, ndi *gitaigo*, yosonyeza maonekedwe kapena mmene munthu akumvera mumtima. Dikishonale ya Chingerezi imavutika nayo, imangopereka mawu atatu anayi amene sagunda pachimake. Werengani tanthauzolo, onani ziganizo zingapo, kenako dzifunseni kuti agogo akanati chiyani. Kawirikawiri mvekero wa Chichewa umagwira bwino kuposa zonse zalembedwa pamenepo.

Mawu a nyimbo ndingawapeze kuti?

Lembani dzina la nyimboyo m'Chijapanizi, n'kuwonjezera 歌詞, amene amawerengedwa *kashi*, kutanthauza mawu a nyimbo. Masamba odalirika ndi Uta-Net, J-Lyric ndi UtaTen. Woyamba kumene asankhe UtaTen chifukwa imaika *furigana*, tizilembo ting'onoting'ono ta hiragana pamwamba pa kanji tosonyeza kawerengedwe. Yang'ananinso pansi pa vidiyo yeniyeni ya woimbayo pa YouTube, chifukwa ambiri amaika mawu pomwepo.

Mudzaona kuti masamba ambiriwa salola kukopera mawu. Si kuti foni yanu yawonongeka. Amasindikiza ndi chilolezo cha mabungwe oteteza eni nyimbo, lalikulu kwambiri likukhala JASRAC limene linakhazikitsidwa mu 1939, ndipo kutseka kukopera kumayendera limodzi ndi zimenezo. Lembani nokha mzere ndi mzere. N'zochedwa, koma mzere umene mwalemba ndi dzanja lanu suiwalika msanga.

Ngati dzina simukulidziwa, Shazam imazindikira nyimbo zambiri za ku Japan. Ikalephera, lembani m'hiragana kachidutswa kamene mwamva bwino, muwonjezere 歌詞, mufufuze. Samalani ndi maina opatsidwa kunja. Nyimbo ya Kyu Sakamoto ya mu 1961, *Ue o Muite Arukō*, inafika pa nambala 1 ku America mu 1963 ili ndi dzina lakuti *Sukiyaki*, limene ndi dzina la chakudya chosatchulidwa paliponse m'nyimbomo. Wofufuza ndi dzina limenelo m'Chijapanizi apeza kaphikidwe ka nyama.

Zolembedwa ndi zimene woimba akutchula zikusiyana. Wolakwa ndani?

Kawirikawiri palibe. Olemba nyimbo amakonda kulemba kanji wa liwu lina n'kuimba liwu lina, kuti maso alandire tanthauzo limodzi, khutu lina. Papepala pali 運命, amene amawerengedwa *unmei*, koma pakamwa pakutuluka *sadame*. Pali 宇宙, *uchuu*, mlengalenga monse, koma akuimba *sora*, thambo. 地球, dziko lapansi, amaimbidwa *hoshi*, nyenyezi. 瞬間 amaimbidwa *toki*, 本気 amaimbidwa *maji*. Makina oika furigana kapena otembenuzira ku romaji sadziwa zimenezi, amangopereka kawerengedwe ka masiku onse. Zikasiyana, khulupirirani khutu, ndipo mufufuze mawu onse awiri, chifukwa wolemba anafuna onse.

Kuimba kumasinthanso katchulidwe. *N* wakumapeto amapatsidwa noti yakeyake. Kampata kakachetechete ka mu *kitto* kapena *matte* nthawi zambiri kamadzazidwa ndi kukoka lembo la liwu. Kaliwu kamene polankhula kamamveka *o*, oimba ambiri amakatchula *wo*. Kukwera ndi kutsika kuja kumagonjera chuni, moti mvula ndi switi zimamveka chimodzimodzi. N'chifukwa chake nyimbo ndi yabwino pophunzira mawu, koma si mphunzitsi wa katchulidwe.

Komanso mzere umene ukukanika m'dikishonale iliyonse ungakhale Chingerezi chotchulidwa Chijapanizi. Ndipo ngakhale mwachizindikira, fufuzanibe: *tenshon* kwa iwo ndi chisangalalo chokwera, *faito* ndi "limbikira".

Liwu lililonse ndalipeza, koma mzere wonse sukumvekabe. Nditani?

Apa dikishonale yafika pamapeto pake, chatsala ndi galamala ndi chikhalidwe.

Mneni wathu amanena zonse. Mu "ndimakukonda" muli ine, muli iwe, muli nthawi. Mneni wa Chijapanizi sanena wochita kapena wochitiridwa. *Aitai* ndi "kufuna kukumana" basi. Ndani akufuna, ndipo ndi yani, zili kwa womvera. Polankhula nkhope ndi malo zimathandiza, koma m'nyimbo wolemba amasiya dala chitseko chotsegula. Musakakamize yankho limodzi pamene mwini wake sanapereke.

Chinanso, mawu ofotokoza dzina amabwera dzinalo lisanatchulidwe, mosiyana ndi ife. Mzere ungathe ndi *kimi to aruita*, inu n'kumasulira kuti "ndinayenda nawe". Mzere wotsatira ukayamba ndi *michi*, njira, ndiye kuti zonsezo ndi chinthu chimodzi: "njira imene ndinayenda nawe". Osamasulira mzere musanasuzumire wotsatira. Mizere yambiri imatheranso m'malere ndi *noni*, *kedo* kapena *kara*. *Noni* makamaka amanyamula dandaulo, ngati mmene ife timanenera "chonsecho ndinamudikira", osamaliza.

Kenako pali chilankhulo chakale. Nyimbo za enka, zimene ndi zamayimbidwe achikale, nyimbo za sukulu ndi zambiri za anime zimabwereka michira yakale kuti zimveke zolemera. *-nu* ndi *-zu* amakana ngati *-nai* wa lero, moti *kaeranu hito* ndi munthu wosabwerera, ndiye kuti malemu. *Utsukushiki* ndi *utsukushii* wakale. Tsamba la Weblio lili ndi dikishonale yapadera ya mawu akale. Pa galamala ya lero, malangizo a Tae Kim ndi aulere pa intaneti ndipo ali ndi gawo la kalankhulidwe wamba. Buku la Seiichi Makino ndi Michio Tsutsui, *A Dictionary of Basic Japanese Grammar* la mu 1986, linasanjidwa ngati dikishonale, choncho kamchira kamene kakuvutani mumakafufuza ngati liwu.

Pomaliza pali zimene aliyense kumeneko amadziwa osauzidwa. Chaka cha sukulu chimayamba mu Epulo, omaliza amatsazikana mu Malichi, ndipo maluwa a *sakura* amaphuka n'kuyoyoka m'masabata omwewo. Ndiye nyimbo ikatchula sakura, nthawi zambiri ikunena za kulekana ndi kuyamba moyo wina. Kulira kwa nyenje ndi makombola a zikondwerero ndi chilimwe, ndipo kutha kwa chilimwe ndi kutha kwa chibwenzi kapena ubwana. Kuti muone mmene eni ake amamvera nyimbo, fufuzani dzina lake pamodzi ndi 歌詞 意味, tanthauzo la mawu a nyimbo, kapena 考察, kusanthula. Mupeza anthu akutsutsana, zimene zimakhazika mtima pansi: naonso sagwirizana.

Bwanji mayi akuimba boku, pamene buku likuti ndi liwu la amuna?

Polankhula, *boku* ndi "ine" wa anyamata ndi amuna ofatsa, *ore* ndi wa amuna pakati pa anzawo, *atashi* ndi wa akazi, *watashi* ndi wa aliyense pa ulemu. M'nyimbo woimba amavala munthu wina, ndipo *boku* ndi *kimi* zinasanduka ngati "ine ndi iwe" wa m'nyimbo. *Boku* ndi wamfupinso, amalowa m'chuni mosavuta kuposa *watashi*. Musatengere zimenezi kwa anthu. Kuitana wamkulu kuti *kimi* kuli ngati kunena "iwe" kwa apongozi. Gwiritsani ntchito dzina lake ndi *-san*.

Mawu a anime ndi a achinyamata ndiwapeza kuti?

Otchuka monga *yabai*, amene angatanthauze "zoopsa" kapena "zabwino koopsa", ali kale mu Jisho. Atsopano afufuzeni polemba liwulo n'kuwonjezera とは, "ndi chiyani", kapena 意味, "tanthauzo". Masamba a Nico Nico Pedia ndi Pixiv Encyclopedia amafotokoza nthabwala za pa intaneti ndi mawu a okonda anime. Mukamva *akan*, *honma*, *ookini* kapena mneni wothera ndi *-hen*, chimenecho ndi Chijapanizi cha ku Kansai, dera la Osaka ndi Kyoto, chimene anthu anthabwala a pa TV amalankhula kwambiri. Onjezani 関西弁, dzina la kalankhulidweka, pofufuza.

Dziwani kuti ambiri a m'makatuni salankhula ngati anthu. Katswiri wa zilankhulo Satoshi Kinsui anazitcha *yakuwarigo*, chilankhulo cha udindo wa m'sewero: nkhalamba yanzeru imati *washi* n'kumaliza ndi *ja*, msilikali wakale amati *de gozaru*, mdani amati *kisama*. Womvera amazindikira pomwepo kuti uyu ndi ndani. Ndi zofunika kuzimva, koma *kisama* ndi *temee* ndi mawu oputa ndewu. Japan Foundation ili ndi tsamba lotchedwa Japanese in Anime & Manga lophunzitsa zimenezi malinga ndi mtundu wa wolankhula.

Bwanji osangoika zonse mu Google Translate?

Pa chikwangwani, malangizo a makina kapena uthenga wa wogulitsa, Google Translate ndi DeepL zimathandiza. Pa nyimbo zimagwa pamalo amene tafotokoza pa funso la mzere wosamveka: zimadzaza "ine", "iwe" ndi "iye" mongoganizira, ndipo zimamasulira mzere uliwonse pawokha. Chotuluka chimawerengeka bwino, ndiye munthu sakayikira. Mapulogalamu ocheza nawo a AI amatha kudula chiganizo n'kufotokoza michira, koma akalakwa amalankhula ndi chidaliro chomwecho. Liwu lililonse limene akupatsani, kalitsimikizeni mu dikishonale. Mawu odzilemba okha pansi pa vidiyo za YouTube amayesetsa pamene munthu mmodzi akulankhula momveka, koma ng'oma ndi magitala zikalowa amabalalika.

Dikishonale ya Chijapanizi chokhachokha ndiyambe liti?

Tsiku limene Chingerezi chakupatsani liwu limodzi pa mawu awiri osiyana. *Koi* ndi *ai* onse amamasuliridwa chikondi, koma woyambayo ndi kulakalaka munthu, chikondi cha chibwenzi chosagonetsa tulo, pamene wachiwiriyo ndi wotakata, amafika kwa mwana, kholo ndi mtundu wa anthu. *Setsunai*, liwu la m'nyimbo zosawerengeka, ndi kupweteka kofinya pachifuwa kosakanikirana ndi kulakalaka. *Natsukashii* ndi kukoma kwa kukumbukira zakale pamene chinthu chakukumbutsani. Zoterezi zimafotokozedwa bwino ndi eni ake.

Kotobank ndi Weblio ndi zaulere ndipo zimasonkhanitsa madikishonale angapo, kuphatikizapo Daijisen. Mwa mabuku, Kōjien inayamba kutuluka mu 1955 ndipo inasindikizidwa kachisanu ndi chiwiri mu 2018, koma imayamba ndi matanthauzo akale, choncho kwa wophunzira Daijirin kapena Daijisen ndi zosavuta chifukwa zimayamba ndi a lero. Pa kompyuta ikani Yomitan kapena 10ten Japanese Reader mu burawuza. Mukaloza liwu tanthauzo limatulukira pomwepo, ndiye kuwerenga tanthauzo la Chijapanizi sikukhalanso phiri.

Ndimvere chiyani kuti khutu lizolowere?

Chinthu chimene chili ndi mawu olembedwa, ndiponso chimene mukumvapo zambiri kale. NHK News Web Easy imalemba nkhani m'Chijapanizi chosavuta, ndi furigana ndi mawu omvera. NHK World ili ndi maphunziro a Easy Japanese m'zilankhulo zambiri, Chiswahili chili m'gulumo. Nihongo con Teppei ndi podikasiti ya mphindi zochepa yolankhulidwa pang'onopang'ono, yosadya bandulo. Pa Netflix ndi YouTube, Language Reactor imaonetsa mawu a zilankhulo ziwiri pamodzi n'kukulolani kubwereza chiganizo chimodzi.

Mverani kaye osaona zolemba, lembani zimene mwamva, kenako yerekezani. Pamene mwaphonya ndi pamene pali phunziro la tsikulo. Mawu atsopano ikani mu Anki, pulogalamu yothandiza kuloweza mawu, pamodzi ndi chiganizo chimene munawapezamo. Pa kompyuta ndi pa Android ndi yaulere.

Galimoto yanga yochokera ku Japan imalankhula ndikailiza. Ikuti chiyani?

Nthawi zambiri ikuti *ETC kaado ga sounyuu sarete imasen*, kutanthauza kuti khadi la ETC silinalowetsedwe. ETC ndi njira yolipirira pa zipata za misewu ikuluikulu ya ku Japan osaima, ndipo kabokosi kake kamakhala pafupi ndi chiwongolero. Galimoto ilibe vuto, ikungofuna khadi la msewu umene ili nawo kutali. Zina zimapereka moni n'kutchula tsiku. Malole ena amati *bakku shimasu, go-chuui kudasai*, "ndikubwerera m'mbuyo, chonde samalani", kapena *hidari e magarimasu*, "ndikukhotera kumanzere". Ngati yanu ikunena zina, ijambuleni mawu ndi foni, muyese njira za pa funso la liwu losapezeka. Uthenga wolembedwa pa dashibodi, makamaka wotuluka ndi nyali yofiira, uloze ndi Google Lens musanayende.

Zonse zakanika. Ndifunse ndani?

Pa HiNative eni chilankhulo amayankha mafunso aafupi. Pa Japanese Language Stack Exchange mayankho ndi ozama, koma amafuna muonetse kuti mwayesa kaye nokha, ndipo sakonda womwaza nyimbo yonse kuti amumasulire. Ku Malawi kulinso anthu a ku Japan amene akhala akubwera kudzagwira ntchito mongodzipereka kuyambira mu 1971, ndipo masiku ano amadzera ku JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza maiko ena. Amagwira m'sukulu, m'zipatala ndi m'maofesi a zaulimi. Ambiri amaphunzirako Chichewa kapena Chitumbuka, ndiye kusinthana mawu kumakhala kopindulira onse, bola mukumbukire kuti anabwerera ntchito ina.

Kulikonse kumene mukufunsa, perekani dzina la nyimbo kapena filimu, mphindi yeniyeni pamene liwulo likumveka, mzere wa patsogolo ndi wa pambuyo, ndi mmene inu mukuganizira kuti likutanthauza. Ngati mukufunsa pamaso, tchulani liwulo n'kuwonjezera *tte dou iu imi desu ka*, "limatanthauza chiyani?" Akayankha mothamanga, nenani *mou ichido, yukkuri onegai shimasu*, ndipo muwapatse cholembera kuti akulembereni kanji wake.